Buloko si njerwa, tisiye kungomenya misomali

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko kudzera mu nyuzipepala yanuyi pa nkhani imene ena aione ngati yaing'ono koma ine yandisowetsa mtendere kwa masabata angapo tsopano. Ndine kalipentala, ndimagwira ntchito ku Mchesi mu Lilongwe muno, ndipo matabwa ndinayamba kuwagwira ndili mnyamata, pano imvi zayamba kuoneka. Nkhani yake ndi ya mmene tikukhomera matabwa pa makoma a mabuloko a simenti omwe afala paliponsewa.

Mwezi wathawu anandiitana mayi ena omwe ali ndi kagolosale kawo, akuti shelefu yagwa. Nditafika ndinapeza kuti si kugwa wamba ayi, shelefu yonse ya pamwamba inazuka ndi katundu yemwe, shuga mbwee pansi, mabotolo a mafuta ophikira ena ataphulika, ndipo chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti mwana wawo wamkazi amene ali ku pulayimale anali atakhala pansi pomwepo akulemba homuweki, thabwa linamumenya paphewa. Mulungu ndi wabwino sanathyoke, koma likanatera pamutu bwenzi tikukamba zina. Ndinatola thabwa lija kuti ndione chomwe chimaligwira, ndinapeza misomali isanu ndi umodzi ya 4 inchi ili lendelende, yoongoka bwinobwino osapindika olo umodzi, ndipo pakhoma pali timabowo togumuka tomwe ukapisamo chala chikungolowa chonse. Mnzanga amene anakhoma shelefuyo sindikumudziwa ndipo sindikufuna kumunyoza, anachita zimene tonsefe tinaphunzira pa njerwa. Vuto ndi loti khoma lija silinali la njerwa.

Ife tinakula tikuona njerwa zowotcha. Njerwa ndi yodzaza thupi lonse, ndipo nyumba zambiri kale ankamanga ndi matope a dothi, nde msomali ukaulozetsa pa mzere wa pakati pa njerwa umalowa wonse nkugwirako ndithu, makamaka ngati chomwe ukupachika ndi chopepuka. Buloko ndi chinthu china. Mabuloko ambiri omwe tikugula, kaya a 6 inchi kaya a 8 inchi, ali ndi mphako ziwiri zikuluzikulu mkati, ndipo khungu lake la kunja kunenepa kwake ndi masentimita awiri ndi theka kapena atatu basi. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi, msomali wa 4 inchi ndi masentimita 10, thabwa ladyapo gawo lake, pulasitala wadyapo gawo lake, khungu la buloko ladyapo atatu aja, kotsalako msomali uli mumphepo mkati mwa mphako osagwira kanthu. Komanso hamala ukamamenya ndi mphamvu, kuseri kwa khungu lija kumagumuka chibenthu nkugwera mkati iwe osaona, nde pomwe msomali wagwira zenizeni pamatsala pang'ono zedi. Tsiku lokhomalo umagwedeza thabwa nkuona ngati lalimba, mwini wake nkukulipira, koma patha miyezi iwiri katundu akuikidwa nkuchotsedwa tsiku ndi tsiku, bowo limakula pang'onopang'ono mpaka tsiku limodzi basi zonse pansi.

Ndipo anthu ambiri sadziwa kuti katundu wa pa shelefu samangokokera pansi pokha. Amakokeranso kunja, amakhala ngati akusolola chomwe chagwira pamwambacho kuchoka mukhoma. Msomali kukokera pansi umapirirako, koma kusololedwa ayi, pakuti ndi wosalala ulibe mano. Belo limodzi la shuga ndi makilo 20, mayi aja anaikapo atatu kuphatikiza mafuta ndi sopo, ndiye kuti misomali ija imanyamula kulemera kwa munthu wamkulu usana ndi usiku.

Musandimve molakwa a Mkonzi, ine mabuloko sindidana nawo. Mu 2018 boma kudzera ku bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga la NCIC linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda, ndipo ine monga munthu wodya za mitengo ndinagwirizana nazo, chifukwa mauvuni a njerwa amaliza mitengo yambiri, mbawa ndi mlombwa zimene tinkapeza mosavuta kale pano uziyendera mtunda. Chomwe chachitika nchakuti khoma lasintha koma manja athu sanasinthe. Masukulu, matchalitchi, mashopu, nyumba za lendi, zonse zikukwera ndi mabuloko, koma kalipentala akubwerabe ndi hamala ndi kilo ya misomali ngati kale.

Ena amati yankho ndi misomali ya konkire, yakuda yolimba ija. Imathandiza pa zinthu zopepuka, kalendala, chithunzi, kathabwa kogwira waya, koma pa buloko lobowoka nayonso imagumula kuseri chimodzimodzi, ndipo ikakana kulowa imathyoka nkuuluka ngati chipolopolo, ndikudziwa amisiri omwe maso awo anavulala nayo. Ena amaboola bowo nkusemerera kamtengo kapena kuthithikamo timitengo ta machesi. Kamtengo kaja kakauma kamafota nkuyamba kugwedera, ndipo pa buloko kamangodutsa nkugwera mumphako.

Njira yake ndi drill, pulagi (kapulasitiki kolowetsa mu bowo la pakhoma) ndi screw, ndipo si zinthu zachilendo ayi. Dzina loti rawl plug limene timatchula mu ma hardware linachokera kwa mkulu wina wa ku London, John Joseph Rawlings, amene anatulukira njirayi zaka zoposa 100 zapitazo, ndipo pulagi ya nayiloni yomwe tikugwiritsa ntchito lerolino anaipanga Artur Fischer wa ku Germany mu 1958. Pulagi imagwira ntchito chonchi, screw ikamalowa imaitambasula nkuikanikiza ku mbali za bowo, nde mmalo momenya khoma ulikulikumbatira kuchokera mkati. Koma nayonso ukaiika mwachisawawa imazuka, nde apa ndi pomwe ndikufuna ndikhazikike pang'ono.

Choyamba nkudziwa pomwe ukuboola. Buloko silobowoka paliponse, lili ndi nthiti zitatu zodzaza, kumapeto konse kuwiri ndi pakati. Poti buloko ndi lotalika masentimita 40 ukaphatikiza mzere wa matope, ndiye kuti pafupifupi masentimita 20 aliwonse pali malo olimba, ndipo screw ikalowa mu nthiti imagwira utali wake wonse osati khungu lokha. Khoma likakhala lopanda pulasitala nzosavuta umangoona ndi maso. Likakhala ndi pulasitala ine ndimayamba ndazungulira kuseri kukaona ngati mizere ikuoneka, ndikalephera ndimayeza ndi tepi kuchokera pa kona kapena pa chitseko, kenako ndimagogoda ndi chogwirira cha hamala nkumamvetsera, pa mphako pamalira ngati ng'oma pomwe pa nthiti pamamveka gwa. Ndikakayikabe ndimaboola kabowo kakang'ono koyesera pomwe thabwa lidzaphimbe, drill ikangoti yalowa pang'ono nkugwera mkati mwadzidzidzi ndadziwa kuti ndili pa mphako, ndimasuntha. Pa mzere wa matope ndimaboolapo pokhapokha ndakanda ndi msomali nkuona kuti simenti inalipo yokwanira, chifukwa nyumba zina matope ake ndi mchenga wonunkhiritsa simenti basi. Ndipo chonde abale anga, osaboola molunjika pamwamba kapena pansi pa soketi ndi switch, mapaipi a magetsi amadutsa mmenemo, chimodzimodzi pafupi ndi mpopi kubafa ndi kukhitchini.

Bit, kachitsulo koboolera ka pa drill, ikhale ya khoma, ya kansonga kolimba kaja, osati ya matabwa kapena ya zitsulo, ndipo saizi yake ifanane ndi pulagi, pulagi ya 8 mm bit ya 8 mm, pulagi ya 6 mm bit ya 6 mm. Ndaonapo anyamata akuboola ndi bit yaikulu chifukwa ndi yomwe ilipo kenako nkumakulunga pulagi ndi pepala, zimenezo sizigwira. Drill zambiri zili ndi kabatani koti izimenya uku ikuzungulira, pa konkire yeniyeni kamathandiza koma pa buloko lobowoka kapena lofewa kazimitseni, izingozungulira yokha, apo ayi mukuchita zomwe zija za hamala, kugumula kuseri. Kuona maso a nkhono nkudekha, musaikankhe ndi thupi lonse, ilekeni idye yokha. Bowo lipitirire utali wa pulagi ndi sentimita imodzi, ndipo fumbi lichoke mkati musanaike pulagi, ine ndimapopera ndi pampu ya njinga, pakamwa ayi chifukwa fumbi la simenti limabwerera mmaso ndi mchifuwa. Pulagi ilowe mothina pogogoda pang'ono. Ikangolowa ndi chala mopanda vuto ndiye kuti bowo lakula, yambiraninso pena.

Screw nayo anthu amagula yaifupi. Iyenera kudutsa thabwa, kudutsa pulasitala, nkudzaza pulagi yonse mpaka kutulukira pang'ono kumapeto kwake, ndipo pulagiyo ikhale mu buloko osati mu pulasitala, pulasitala ndi chovala chabe sanyamula kanthu. Thabwalo liyambe labooledwa lokha ndi bit ya matabwa kuti screw izidutsa momasuka nkulikokera kukhoma, likapanda kutero limang'aluka kapena limatsala ndi mpata kumbuyo. Ine ndimayamba ndi screw imodzi kumapeto, nkuika levulo, kenako ndimalemba mabowo enawo kudzera mu thabwa lomwelo kuti asaphonyane. Ndipo pa mashelefu ndi makabati ndimakonda kuyamba ndakhoma thabwa limodzi lopingasa, 2 by 3 kapena 2 by 4, ma screw ake onse ali mu nthiti, kenako china chilichonse ndimachimangirira pa thabwa limenelo, chifukwa nthiti za buloko sizikhala pomwe mwini nyumba akufuna bulaketi yake.

Pa zinthu zolemera zenizeni, kabati ya mbale ya mmwamba, sinki, mashelefu a mushopu, bolodi lalikulu la mkalasi, ine pulagi yokha sindiidalira. Ngati kuseri kwa khoma nkofikirika ndimaboola mpaka kutulukira, nkudutsitsa bawuti yaitali ya 10 mm, kunjako nkuika washala yaikulu kapena kachitsulo kaphanthiphanthi ndi nati, kenako omanga amadzaphimba ndi pulasitala. Imeneyo kuti izuke ndiye kuti buloko lonse latuluka. Ngati kuseri kuli neba ndimatsegula pang'ono khungu la buloko pamwamba pa pomwe ndikufuna, nkuthithika pepala la simenti pansi kuti konkire isathawire pansi, nkudzaza mphakoyo, nkudikira sabata yathunthu ndisanaboole. Eni ntchito amadandaula kuti ndikuchedwetsa koma ndimawauza chilungamo. Ma rawl bolt, mabawuti achitsulo aja otambasuka mkati mwa bowo, ndi abwino kwambiri koma malo ake ndi mu konkire, mu ring beam (konkire yozungulira pamwamba pa makoma), mu lintala (konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo) kapena mu mphako yodzazidwa. Mukaika pa khungu la buloko amalitambasula mpaka kung'aluka, kapena amangozungulira osagwira.

Zonsezi zimagwira ngati buloko lenilenilo ndi labwino, ndipo apa ndili ndi dandaulo kwa oumba mabuloko ena. Pofuna phindu thumba limodzi la simenti la makilo 50 akulikoka kuti litulutse mabuloko ochuluka kuposa muyeso, akaumba sakuthirira madzi mokwanira, ndipo pakangotha masiku atatu anayi agulitsa kale. Simenti imafuna madzi kwa sabata ndipo mphamvu yake imakwanira bwino pa masiku 28, izi omanga aliyense wophunzira amazidziwa. Buloko lotere ukamaboola sipatuluka fumbi koma mchenga ukungoyoyoka, bowo la 8 limasanduka la 12, nde kalipentala atani pamenepo? Ogula yesani kaye musanalipire, likandeni ndi msomali, pekesani kona ndi chala, limodzi ligwetseni pansi muone ngati lingonyenyeka. A Malawi Bureau of Standards ndi a bungwe loyang'anira zomangamanga ndikupempha kuti aziyenderako malo oumbira mabuloko omwe ali mmbali mwa misewuwa, chifukwa mabuloko amenewa akukamangira nyumba zogonamo anthu.

Nafenso a matabwa tili ndi mbali yathu. Paini wochuluka amene timagula, kaya wachokera ku Chikangawa kaya kwina, amafika pamsika ali wosauma, ukamunyamula amalemera ndipo ukacheka utuchi umamata pa sowo. Thabwa lotere ukalikhoma lero, likamauma limafota nkupotoka ndipo limatha kukoka pulagi kuitulutsa lokha popanda katundu aliyense. Liyenera kusanjidwa pamthunzi ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa. Komanso khoma latsopano limakhala ndi chinyontho kwa nthawi, nde kumbuyo kwa thabwa ndimaikako kachidutswa ka pulasitiki yakuda ija ya DPC ndipo ndimapaka mankhwala a chiswe mbali zonse ndisanakhome, makamaka mbali yoyang'ana kukhoma yomwe simudzaionanso. Chiswe chimakonda mphako za mabuloko, chimakwera mkati mumdima osaoneka kunja, mumangodabwa felemu ya chitseko yatsala penti yekha.

Koma a Mkonzi mashelefu ndi makabati ndi nkhani yaing'ono tikafika pa denga. Chaka ndi chaka mvula yoyamba ikamabwera ndi chimphepo mu Novembala ndi Disembala timamva kuti madenga a masukulu, matchalitchi ndi nyumba asasuka, ndipo timati ndi tsoka. Mphepo ina ndi yoopsadi palibe angaikanize, koma madenga ena omwe ndakakonzapo ndapeza thabwa la pamwamba pa khoma, lomwe timati wall plate, linangokhomedwa ndi misomali pa mzere womaliza wa mabuloko, pena nkumangidwa ndi kawaya kowonda kopisa pa buloko limodzi. Mphepo ikalowa pansi pa malata imanyamulira denga mmwamba, ndipo denga la malata ndi lopepuka, nde limachoka lonse ngati chipewa, nthawi zina limodzi ndi mzere wa mabuloko womwewo nkugwera anthu mkati. Chofunika ndi hoop iron (kalamba kachitsulo kaphanthiphanthi) kapena waya wonenepa woikidwa nthawi yomanga, wochokera pansi pa ring beam kapena mizere itatu ya mabuloko kutsika pansi, nkukwera kudzakulunga wall plate ndi thirasi iliyonse ya denga, osati kudumpha ziwiri nkumanga imodzi. Pamenepo mphepo kuti inyamule denga iyenera kunyamula ndi khoma lomwe. Izi sizingachitike kalipentala akaitanidwa omanga atamaliza kale nkupita kwawo.

Ndipo apa ndi pomwe pagona mtima wa kalata yangayi. Kalipentala timaitanidwa mochedwa, pulasitala atatha, penti atapaka, mwini nyumba nkumaloza kuti apa kabati, apa TV, apa makatani. Chonsecho tikanakhala pansi atatu, mwini nyumba, womanga ndi kalipentala khoma lisanakwere, zinthu zikanaphweka ndipo zikanatchipa. Womanga akadziwa kuti kabati ya kukhitchini idzakhala apa amangodzaza mphako za mizere imeneyo ndi konkire akamadutsa, ndi mafosholo ochepa chabe. Pa zitseko amadzaza mphako za mbali zonse ziwiri nkuika timahoop iron ta felemu mu mizere ya matope, felemu yotero olo ana amenyetse chitseko chaka chonse sigwedera. Pamwamba pa mawindo lintala ilipo kale yogwira njanji ya makatani. Safunsa anadya phula, eni nyumba funsani amisiri anu mafunso amenewa maziko akadali pansi, ndipo jambulani makoma pa foni pulasitala asanapake kuti tsiku lina tidzaone pomwe padutsa mapaipi ndi pomwe pali nthiti.

Ndikudziwa ena anena kuti madala inu mukukamba za drill ife tiitenga kuti, komanso kumudzi kulibe magetsi. Nzoona drill ndi yodula ndipo ine ndinagwira zaka zambiri ndilibe. Ifeyo pamalo pathu tinasonkherana anthu anayi nkugula imodzi, timabwerekana, ndipo pano kuli za batire zomwe umatchaja pa sola. Pakasowa zonsezo bowo limatheka ndi manja, bit ya khoma yomweyo kapena kachitsulo kosongoka, kugogoda pang'ono nkutembenuza, kugogoda nkutembenuza, zimatenga nthawi koma bowo limatuluka loyera. Chomwe chimandipweteka ndi eni ntchito amene ukawalembera mapulagi ndi ma screw pa kotesheni amati amisiri zimenezi zachuluka ingomenyani misomali, ndipo mnyamata amene akufuna ya ufa tsiku limenelo sangakane, amamenyadi. Anzanga, tiyeni tiziwafotokozera, ndipo akakanitsitsa pa chinthu choti chingagwere munthu kuli bwino kuisiya ntchitoyo. A TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja ndikupempha kuti nkhani ya kukhoma pa mabuloko izifikanso kwa amisiri omwe tinaphunzirira pansi pa mtengo, chifukwa ambiri omwe akukhoma mashelefu mmakwalalamu ndi ifeyo.

Kwa mayi a golosale aja ndinabwererako kawiri. Ulendo woyamba ndinatsegula mphako zinayi nkudzaza konkire, ndinawapempha kuti katundu ayambe wakhala pansi sabata imodzi. Ulendo wachiwiri ndinakhoma 2 by 4 youma yopingasa, kumapeto konse ndinadutsitsa mabawuti mpaka kunja pakuti kuseri kunali kanjira chabe, mabulaketi nkuwamangirira pa thabwalo, ndipo ndisanawalole kuikapo kanthu ndinalendewerapo ndekha ndi manja awiri iwo akuona. Mabelo a shuga ndinawauza kuti azikhala pa shelefu ya pansi, pamwamba pazikhala zopepuka monga machesi, masamba a tiyi ndi mapepala. Mwana uja phewa linapola ndipo ndinamupangira kabenchi kolembera mbali ina, kutali ndi mashelefu.

Ngati pali omanga kapena mainjiniya amene akuwerenga ndipo akuona kuti pena ndaphonya, a Mkonzi apatseni mpata ayankhe pa tsamba lomwe lino, ine ndi anzanga ku Mchesi tidzawerenga.

Ine wanu,
Kalipentala,
Mchesi, Lilongwe